Ndani anayesapo nthano za madayisi ndi ana ake? Kwathu dzulo zathera m'misozi

Bambo a Tamanda, Zomba
Moni nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani yachilendo pang'ono, musandiseke. Pa Khirisimasi mlamu wanga wa ku Johannesburg anandionetsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Mumakhala pansi anthu angapo, mmodzi n'kumakamba nkhani, enawo aliyense ali ndi mtengambali wake: wina msilikali, wina mlenje, wina wakuba. Wokambayo akati "mwafika pakhomo la phanga, mkatimo mukumveka kubuula," osewerawo amanena chimene achite. Chikakhala chovuta amaponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Palibe bolodi ngati la Ludo, palibe wopambana mnzake. Zonse zimachitikira m'mutu ndi papepala.

Ine ndinazikonda. Magetsi akazima madzulo ana kwanga amangolimbirana foni yanga mpaka batire kutheratu, ndiye ndinati bwanji ndiyese zimenezi. Ndili ndi Tamanda wa zaka 9, mlongo wake wa zaka 6, komanso muphwa wanga wa zaka 11 amene tikukhala naye.

Ndinakonzekera sabata yathunthu, masamba 6 a m'kope. Mfumu yadwala, mankhwala ake ali pansi pa dzenje la Chingwe kuphiri kuno, anawo akatenge. Dzulo tayatsa kandulo, tayamba. Atafika pamsika wa m'nkhanimo ndinangotchula modutsa kuti pali munthu akugulitsa mbuzi. Basi, wamng'onoyo akufuna mbuzi. Mphindi 40 tikukambirana mtengo wa mbuzi. Nditawakokera kuphanga mokakamiza, fisi anatulukira, dayisi inagwa moipa katatu kotsatizana, mlenje wa wamng'onoyo n'kufa. Kulira kwake mpaka aneba anagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Mayi akunyumba sanalankhule, anangondiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa.

Alipo anayesapo? Ndalakwitsa pati?

Anaphiri a ku Ndirande
Kkkkk pepani bambo a Tamanda koma ine ndafera pa mbuzipo. Ndiye anagula?

Bambo a Tamanda, Zomba
Anagula mayi. Anaitcha dzina loti Bwana DC.

Anaphiri a ku Ndirande
Mwana ameneyo mumusamale, adzafika patali kkkk

aMbewe ku Leeds
Achimwene, mwandikumbutsa kutali. Ine masewerawa ndinawaphunzira kuno kwa anzanga a kuntchito, ndipo tsopano ndimasewera ndi ana anga aakazi awiri pafupifupi Loweruka lililonse. Zimene zakuchitikiranizo zinandichitikiranso, kungoti kwa ine sinali mbuzi, anali galu wopunduka.

Choyamba mudziwe kuti Dungeons & Dragons sanapangire ana. Inatuluka mu 1974 ku America, anaipanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, anthu amene ankasewera masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali patebulo. N'chifukwa chake malamulo ake ambiri ndi a ndewu: ndani ayambe kumenya, lupanga lipweteka bwanji, watsala ndi moyo wochuluka bwanji. Buku la osewera lokha limapitirira masamba 300. Mwana wa zaka 6 zimenezo alibe nazo ntchito.

Koma vuto lenileni si bukulo ayi. Ndi masamba 6 anuwo. Munalemba nkhani yonse mpaka kumathero, ndiye anawo munawaitana kuti adzangoyenda m'mapazi mwanu. Mwanayo atagwira mbuzi, masewera enieni anali atayamba pamenepo, inu n'kumaona ngati akukuchedwetsani. Mukanangoti usiku umenewo mbuzi yabedwa, mapazi a wakubayo alowera kuphiri, mukanaona anawo akuthamangira kuphanga okha popanda kuwakoka. Mfumu yodwala sakuidziwa, alibe nayo chisoni. Bwana DC ndiye wawo.

Ine masiku ano ndimalemba zinthu zitatu zokha pa kapepala: malo, vuto, ndi munthu mmodzi woseketsa woti akumane naye. Zotsalazo timapeza limodzi.

Bambo a Tamanda, Zomba
Aaa aMbewe, mwandilasa. Zoti mbuzi ibedwe sizinandibwerere n'komwe. Ndinali kalikiliki kuteteza masamba anga.

Nanga za imfazo mumatani? Mlamu wanga anati dayisi ikanena yanena, osabweza.

aMbewe ku Leeds
Alamu anuwo amasewera ndi akuluakulu anzawo. Kwa ana ine imfa ndinaichotseratu. Mtengambali akagonja amakomoka, kapena agwidwa n'kutsekeredwa m'khola, kapena wataya chinthu chimene amachikonda. Kugonjako kuzipweteka ndithu, koma nkhani izipitirira. Mlenje wa mwana wanuyo sanafe. Fisi wamukokera kuphanga kwake, ndipo enawo akamupulumutse. Kamuuzeni lero lomwe asanagone.

Mphunzitsi wa Masamu, Kasungu
Ndilowererepo pa za madayisi. Ambiri amagwa ulesi poganiza kuti mpaka apeze madayisi achilendo aja, a mbali 4, 8, 10, 12 ndi 20. Kuno simuwapeza m'sitolo wamba. Koma dayisi ya Ludo ikukwana.

Ine ndi ana anga timachita chonchi. Mwana aliyense amalemba dzina la mtengambali wake, zinthu ziwiri zimene amazitha bwino, chimodzi chimene chimamuvuta, ndi katundu mmodzi amene wanyamula. Basi pepala latha. Akafuna kuchita chinthu chovuta aponya dayisi imodzi, ikagwa 4, 5 kapena 6 zatheka. Pamenepo mwayi ndi theka. Ngati ndi chinthu chimene amachitha bwino, aponya madayisi awiri n'kutenga yaikuluyo, mwayi umakwera kufika 75 pa 100 alionse. Mnzake akamuthandiza timawonjezera yachitatu, ndiye umafika pafupifupi 88. Ngati ndi chija chimamuvuta, aponya awiri n'kutenga yaing'onoyo, mwayi umatsika kufika 25.

Taonani chimene chimachitika: ana amazindikira okha kuti kuthandizana kumawonjezera dayisi. Simufunika kuwalalikira za umodzi. Mwana wanga wa Sitandade 4 tsiku lina anakana kulumpha mtsinje yekha, akuti "dikirani, ndi dayisi imodzi n'zotchova njuga, bwera undigwire dzanja." Sindinamuphunzitsepo mutu umenewu m'kalasi.

Bambo a Tamanda, kugwa moipa katatu kotsatizana pamene mwayi uli theka si zachilendo. Zimachitika kamodzi pa maulendo 8. Ndiye ngati moyo wa mwana wanu munaumangirira pamenepo, tsiku lolira linali lobwera ndithu.

Nabanda
Pepani abale, ine ndilankhule zosiyana. Mwina mundiona ngati wachikale. Ndaona zithunzi za mabuku a masewera amenewa pa intaneti: zinjoka zolavula moto, anthu ovala mikanjo akuchita zamatsenga, zigaza. Ndiye tikhale pansi usiku, kandulo ili pakati, tikuponya madayisi, tikuuza ana kuti iwe ndiwe wamatsenga? Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ife tinakula tikuuzidwa kuti madayisi ndi a juga, ndipo za ufiti si zoseweretsa. Ana anga ayi.

Kamnyamata ka pa Chinsapo
Mayi inu ndiye mwayamba. Ndiye Ludo nayonso ndi ufiti? Njoka ndi makwerero?

Woyang'anira gulu
Achimwene a pa Chinsapo, mayiwa afunsa mwaulemu, ayankhidwenso mwaulemu. Tipitirize.

aMbewe ku Leeds
Mayi Nabanda, nkhawa yanuyo si yachilendo, ndipo si ya kwathu kokha. Ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 kunali phokoso lalikulu, makolo ndi mipingo ina ankati masewerawa akulowetsa ana m'zausatana. Mayi wina, Patricia Pulling, anayambitsa bungwe lolimbana nawo mu 1983 mwana wake atadzipha, ndipo anakasuma kukhoti koma milanduyo sinapite patali. Phokosolo linakula moti kampani ya TSR, imene inkapanga masewerawa nthawi imeneyo, potulutsa malamulo atsopano mu 1989 inachotsamo mayina a ziwanda.

Ine ndimapemphera, ana anga amapita ku Sande sukulu. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti patebulopo palibe chimene chimaitanidwa. Mwana akati "ndikuponya moto" amaponya kadayisi ka pulasitiki n'kuwerenga madontho. Za juga, palibe ndalama kapena chinthu chimene wina amadya mnzake. Komabe ana ndi anu, ndipo amatsengawo mukhoza kuwachotsamo osataya kanthu. Nkhani ikhoza kukhala ya ana atatu amene asochera m'nkhalango ya Chikangawa, kapena asodzi amene bwato lawo lawonongekera pachilumba.

Nachisale, wa zaumoyo
Ine ndili pakati. Sindikhulupirira kuti m'dayisi muli chiwanda. Koma aMbewe, inu muli ku Leeds. Kumeneko mwana akakanena kusukulu kuti "usiku ndinauluka ndi adadi, tinakamenyana ndi mfiti," aphunzitsi angoseka. Kuno mawu omwewo akhoza kuyatsa moto m'mudzi. Tonse tikudziwa nkhani za ana amene amati akuphunzitsidwa ufiti, ndi agogo amene amathamangitsidwa kapena kuphedwa kumene chifukwa cha mawu a mwana. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu la anthu okwiya silifunsa za lamulo.

Ndiye kwanga tinagwirizana: m'nkhani zathu mulibe kuuluka usiku, mulibe lichero, mulibe kumanda, mulibe nkhalamba yoipa yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Makamaka yomalizayi. Sindifuna mwana wanga azolowere kuti gogo wokhala yekha ndiye mdani. Adani athu ndi zimphona, ng'ona zolankhula, mfumu yaumbombo, achifwamba. Ndipo masewerawo timawatchula kuti nthano basi. Mwana akati "dzulo tinachita nthano ndi amama" palibe amene atembenuke.

Nabanda
Apa ndiye mwalankhula zomveka asisi. Ine mtima wanga sunakhazikikebe, koma zimene mwanenazi ndazimva.

aMbewe ku Leeds
Mayi Nachisale, mwandiphunzitsa. Zimenezo sindinaziganizirepo, ndipo chaka chamawa tikubwera kumudzi ndi anawa. Ndiyenera kukhala nawo pansi tisanakwere ndege.

Bambo a Tamanda, Zomba
Inenso ndatolapo. Mwamwayi anga anasankha mlenje, msilikali ndi wakuba. Wakubayo ndi Tamanda, mwana wofatsa wa m'kwaya, ndipo anasankha mosaphethira n'komwe. Zimenezonso zikundiganizitsa kkkk.

Gogo Nangozo
Ana inu, foniyi wandilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anga zilembo zing'onozing'onozi sakuzionanso. Ndamva zonse akundiwerengera. Ine ndikudabwa kuti mpaka azungu akuuzeni ndi buku la masamba 300 kuti muzikambira ana nthano madzulo? Ife tinkakhala pamoto tikukazinga chimanga, agogo akati "Padangokhala!" ife "Tilitonse!" Ofika pa nyimbo tonse tinkavomera. Wogona ankadziwika chifukwa "tilitonse" wake ankasowa. Pomaliza "Kaphuleni mbatata!" ife "Yapserera!" Madayisi a chiyani?

Mphunzitsi wa Masamu, Kasungu
Agogo, mwanena zoona, muzu wake ndi womwewo. Koma pali kusiyana kumodzi kumene ine ndimakuona kukula. Pa nthano ya agogo, ife tinkavomera koma nkhani inali yawo. Kalulu ankapusitsa Njovu usiku uliwonse mofanana, ife sitikanatha kunena kuti "ayi, lero Njovu isapite kuchitsimeko." Pano mwana ndiye Kaluluyo. Akasankha mopusa agwa m'mbuna, akasankha mochenjera apulumuka, ndipo ngakhale wokamba nkhaniyo sadziwa kuti zithera pati. Ntchito ya dayisi ndi imeneyo: kulanda mphamvu kwa bambo. Popanda dayisi, mwana akalephera amati adadi andikaniza. Ndi dayisi, adadi nawonso amadabwa limodzi naye.

Gogo Nangozo
Ndiye phunziro lake limakhala lotani ngati mwini nthano sadziwa kumene ikupita? Nthano yopanda mwambo ndi macheza chabe.

Mayi a Yamikani, Randburg
Agogo, funso lanulo ine linandigwetsapo. Ndinkafuna kuti masewera alionse azikhala ndi phunziro. Mwana wanga wamkulu anali ndi kachizolowezi konama, ndiye ndinakonza nkhani yoti m'mudzi muli mnyamata wabodza amene mapeto ake anthu anamusiya kudyedwa ndi mkango. Sitinafike n'pakati pomwe. Anaika pensulo pansi n'kunena kuti "amama, ngati mukufuna kundikalipira ingondikalipirani, musaononge masewera." Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba ndiwo mumphika.

Kuyambira pamenepo ndinasiya. Chodabwitsa n'chakuti zophunzirazo zimabwera zokha pamene sukuzifuna. Tsiku lina anapeza chuma m'phanga, wamkuluyo anatenga chonse, wamng'ono n'kukana kumuthandiza pa ndewu yotsatira. Anagonja onse awiri. Anakangana okha, anagawana okha, ine ndili phee ndikungopukuta magalasi. Ndikanati ndilalikire za kugawana sakanamva.

Gogo Nangozo
Hmm. Mwanayo ndi wochenjera. Koma mbatata muziphulabe pomaliza.

Mayi a Yamikani, Randburg
Timaphula agogo! Ndipo timayamba ndi "Padangokhala." Kunena zoona chimene ndinayambira masewerawa ndi chilankhulo. Ana anga anabadwira kuno, kusukulu ndi Chingerezi, pabwalo ndi Chizulu chosakaniza, Chichewa ankangomva koma kuyankha ayi. Ndiye ndinaika lamulo loti anthu a m'nkhanimo samva Chingerezi. Ukafuna kugula mkondo kwa wosula zitsulo, umupatse moni bwinobwino, unenerere mtengo m'Chichewa. Ukafika kwa mfumu uyambe ndi "zikomo" ndi kuwomba m'manja, apo ayi nduna ikubweza pachipata. Poyamba ankadandaula. Pano wamng'onoyo amatha kunena "achimwene tsitsaniko pang'ono, tachokera kutali" ndi mawu omvetsa chisoni moti agogo ake atamumva pa foni anaseka mpaka kutsokomola.

aMbewe ku Leeds
Iyi ndiye ndaiba mayi. Anga Chichewa chawo chimathera pa "ndili bwino kaya inu."

Kamnyamata ka pa Chinsapo
Funso lenileni tsopano. Ine mwana ndilibe koma ndimasunga ang'ono anga awiri. Tizidole tija ndi mapu okongola aja ndimaona pa YouTube, popanda zimenezo zimatheka?

Mphunzitsi wa Masamu, Kasungu
Zimatheka kwambiri. Zitsekerero za mabotolo ndiye atengambali: cha Fanta ndi uyu, cha Sobo ndi uyo. Adani ndi miyala kapena nyemba. Mapu jambulani kuseri kwa kalendala yakale, kapena pansi penipeni ndi kamtengo ngati mmene timakumbira maenje a bawo. Ndipo muwasiye anawo ajambule okha atengambali awo, amatha theka la ola pa zimenezo mosangalala.

Chenjezo limodzi: moyo wa mtengambali musawerengere ndi mtedza wokazinga. Ine ndinapatsa aliyense njere 5, ndikuti ukavulala ndikulanda imodzi. Tisanakumane ndi mdani aliyense, msilikali wanga wa zaka 5 anali atadya moyo wake wonse ndi theka la moyo wa mkulu wake.

Anaphiri a ku Ndirande
Kkkkkk aphunzitsi mwandipha. Anadzidya yekha!

aMbewe ku Leeds
Kwa amene ali ndi intaneti yokwanira ndipo akufuna zolembedwa kale, alipo masewera opangira ana enieni. Hero Kids ndi ya ana a zaka 4 mpaka 10 ndipo imagwiritsa madayisi wamba a mbali 6. Palinso No Thank You, Evil! imene mwana wamng'ono ndi wamkulu amatha kusewera limodzi, aliyense ndi pepala la msinkhu wake. Muphwa wanu wa zaka 11 uja, bambo a Tamanda, akadzayamba kufuna malamulo ochuluka, malamulo oyambira a Dungeons & Dragons amapezeka mwaulere pa intaneti. Koma musathamangire. Njira ya aphunzitsiyi ikhoza kukusungani chaka chathunthu.

Bambo a Tamanda, Zomba
Mwatchula muphwa wangayo, ndiye ndifunsiretu. Dzulo iye ndi amene ankalankhula nthawi zonse. Ndikafunsa "mutani?" wayankha kale, ndipo akulamula enawo kuti iwe pita uko, iwe tenga ichi. Tamanda anangokhala chete mpaka anayamba kusewera ndi phula la kandulo.

Nachisale, wa zaumoyo
Musafunse kuti "mutani?" Funso loponya pagulu amalitola ndi wapakamwa. Muzitchula dzina: "Tamanda, iweyo waona kuti mlonda uja makiyi ali m'thumba lakumanzere. Utani?" Ndipo muziika zinthu zimene mtengambali wake yekha ndi amene angazithe. Poti ndi wakuba, pakhale chitseko chokhoma, pakhale kabowo koti msilikali ndi zida zake sangakwane. Wamkuluyo mumupatse udindo wina, ajambule mapu kapena azilankhulira munthu wina wa m'nkhanimo. Ana olamula aja nthawi zambiri amakhala akufuna mpando wanuwo. Tsiku lina mudzamusiyire akambe ndi iye, inu mukhale wosewera. Mudzaona mmene adzavutikire anthu akamakana kuyenda njira imene wakonza.

Mayi a Yamikani, Randburg
Ndi nthawinso. Wa zaka 6 mphindi 30 kapena 40 zamukwana. Mukaona wayamba kugudubuzika pamkeka, tsekani msanga pamalo pokoma: chitseko chatseguka, mkatimo mwatuluka dzanja laubweya... kaphuleni mbatata. Adzakuvutitsani sabata yonse kuti mupitirize. Mukadikira kuti atope, mawa sadzafunanso.

Achimwene a ku Phalombe
Ndakhala ndikungowerenga. Ndiwonjezere kamodzi pa za adani a m'nkhani. Wina akhoza kuganiza kuti poti tikufuna zakwathu, chinjoka cha azungu tichisinthe ndi Napolo. Ine ndinachita zimenezo ndi ana a mchemwali wanga, ndikuona ngati ndachenjera. Ndinafotokoza phiri likung'ambika, madzi akutsika ndi miyala, mkokomo usiku. Mtsikana wamkulu anangoima n'kutuluka panja osalankhula. Ndinali nditaiwala kuti kwa iye zimenezo si nthano. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anamuona ndi maso, ndipo akuluakulu kwathu akadali kukamba za madzi a 1991. Usiku umenewo sanagone.

Ndiye muziwadziwa ana anu. Chimene chili chokoma kwa mwana wa ku Area 47 chikhoza kukhala bala kwa wa kuno.

Bambo a Tamanda, Zomba
Pepani kwambiri achimwene. Kunonso ku Zomba dzina limenelo silitchulidwa mwamasewera, agogo athu ankakamba za madzi osefukira a 1946. Ndinali nditaganizapo zomuika m'nkhani yotsatira. Ndasiya.

Nachisale, wa zaumoyo
Ife tili ndi lamulo loti aliyense akhoza kugogoda patebulo kawiri, ndipo chimene chikukambidwacho chimasintha pomwepo popanda kufunsa chifukwa. Kangaude wamkulu amasanduka nkhuku yaikulu, nkhani n'kupitirira. Wamng'ono wanga anagogodapo kawiri konse, ulendo wina chifukwa cha mdima wa m'chitsime, ulendo wina chifukwa ndinati mayi a mtengambali wake akudwala. Chachiwirichi sindikanachiganizira ndekha.

aPhiri a ku Dedza
Poti mwayamba kutchula zoti musaike, nane ndiponyepo. Gule asalowe m'masewerawa. Ndaonapo wina akufunsa kwina ngati angaike zilombo za kudambwe kuti zikhale adani oti ana azimenyana nazo. Ayi ndithu. Kaya ndinu olowa kaya ayi, zimenezo zili ndi eni ake ndipo si zidole. Nthano zathu zili ndi zinthu zambiri zoti mutenge: Kalulu, Fisi wadyera, Kamba woyenda pang'onopang'ono, zimphona, mbalame zolankhula, ng'oma yoimba yokha. Phiri la Mulanje lokha, ndi nkhani zija zoti ukapeza chakudya m'njira udye wekha osaitana mnzako, likhoza kukupatsani masewera a miyezi. Sapitwa ndi mamita 3,002, dzina lokhalo ana amatsegula maso.

Nabanda
Ndakhala ndikutsatirabe mwakachetechete. Funso limodzi kwa aphunzitsi a ku Kasungu. Njira yanu ya dayisi ija, ingatheke ndi nkhani yopanda zilombo ndi ndewu? Mwachitsanzo ana atumidwa kumsika ndi ndalama, njira ili ndi zovuta zake.

Mphunzitsi wa Masamu, Kasungu
Ingatheke bwino lomwe mayi. Mlatho wakokoloka, minibasi yafera panjira, wogulitsa akufuna kuwabera chenji, mbuzi yadya kalata ya agogo. Dayisi siisamala kuti vutolo ndi chinjoka kapena kondakitala. Ndipo ngati dayisiyo ndi imene ikukuvutani mumtima, lembani manambala 1 mpaka 6 pa timapepala, muike m'kapu, mwana azitola akutsinzina.

Nabanda
Ndaona. Sindikulonjeza kanthu.

Bambo a Tamanda, Zomba
Abale, ndabweranso patatha sabata kudzapereka lipoti.

Usiku womwe uja ndinakamuuza wamng'onoyo kuti mlenje wake sanafe, fisi wangomukokera kuphanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti "nanga Bwana DC ali kuti?" Za mlenjeyo analibe nazo ntchito kwenikweni, ankalira poganiza kuti mbuzi yatsala yokha kuthengo.

Loweruka tinasewera. Kapepala kanga kanali ndi mizere itatu. Ndinayamba ndi "Padangokhala," ndipo mayi akunyumba amene anali kukhitchini anavomera nawo "Tilitonse" asakudziwa. Tamanda anakwawa pa kabowo n'kumasula mlongo wake, madayisi awiri, inagwa 2 ndi 6, anakuwa ngati wagoletsa chigoli. Muphwa wanga anajambula mapu ndipo analankhula mochepa, ngakhale kawiri konse ndinachita kumuponda phazi. Fisi uja sanamuphe. Wamng'onoyo anaganiza zomufunsa chifukwa chimene amagwirira anthu, ine ndinasowa yankho, ndinangoti dzino likumupweteka ndiye sangathe kutafuna mafupa. Basi nkhani yonse inasanduka yofunafuna wozula mano amene angalole kulowetsa dzanja m'kamwa mwa fisi. Mfumu yodwala ija palibe anaikumbuka, nanenso ndinaikumbuka tikupinda mkeka.

Magetsi anayaka tili pakati, Tamanda anadzuka n'kukazimitsa.

Vuto latsopano: ana a aneba atatu anali pawindo nthawi yonseyo, ndipo dzulo anabwera ndi zitsekerero zawo m'manja. Ana 6 pa mkeka umodzi ndingawathe?

aMbewe ku Leeds
6 ndi ambiri achimwene, wamng'onoyo adzamira. Agaweni pawiri, gulu lina mumupatse muphwa wanuyo. Koma muyambe mwakaonana ndi makolo awo, muwauze chimene chimachitika, kapena adzakhale nawo tsiku loyamba.

Nachisale, wa zaumoyo
Makamaka zimenezo. Apite okha bambo a Tamanda, asatume mwana.

Anaphiri a ku Ndirande
Ine funso langa ndi limodzi basi. Bwana DC anapezeka?

Bambo a Tamanda, Zomba
Anapezeka mayi, ali moyo. Panopa ndi iye akunyamula zida za wozula mano. Loweruka likubwerali akuti akufuna amugulire nsapato.